Claim ya nyimbo pa vidiyo yanu: ndalama ija imapita kwa ndani?

Masiku ano pa Zomba pano pafupifupi aliyense ali ndi tchanelo. Ana a ku Chanco akujambula timasewero tawo ku Chikanda, makwaya akukwera phiri atavala yunifomu kukajambulira pa damu la Mulunguzi, anyamata a makamera Loweruka lililonse ali pa ukwati kapena chinkhoswe ku Matawale kaya ku Chinamwali, nde madzulo zonsezo zimakathera pa YouTube, Facebook ndi TikTok. Dandaulo lomwe limamveka ndi limodzi, loti "andimenya copyright". Koma mukafunsitsa mupeza kuti anthuwa akunena zinthu zosiyana. Wina vidiyo yake yachotsedwa, wina vidiyo ilipo koma yazimitsidwa mawu anthu akungooneka akugwedezeka opanda nyimbo, wina vidiyo ikuyenda bwinobwino ma advert akudutsa koma iyeyo sanaonepo olo tambala. Zitatuzi magwero ake ndi osiyana, mankhwala akenso ndi osiyana.

Nyimbo imodzi imakhala ndi umwini pawiri, ndipo anthu ambiri apa mpomwe amasochera. Pali umwini wa amene anapeka, kutanthauza mawu ndi kayimbidwe kake, komanso pali umwini wa chojambulacho, mawu enieni aja anatuluka mu situdiyo tsiku lomwe anthu anakajambulitsa. Wopeka akhoza kukhala mphunzitsi wa ku Domasi, woyimba n'kukhala mtsikana wa ku Sadzi, pomwe chojambulacho mwini wake ndi amene analipira situdiyo kapena kampani yomwe anasainirana nayo. Mukatenga nyimbo mu foni n'kuiika pansi pa vidiyo yanu, mwawakhudza onse awiri. Mukaiyimba nokha ndi gitala pakhonde, chojambula cha eni ake simunachikhudze koma wopeka uja nde mwamukhudzabe. N'chifukwa chake vidiyo imodzi imatha kulandira ma claim awiri, kutanthauza zidziwitso zoti nyimbo ili mu vidiyoyo ili ndi mwini wake, pa nyimbo imodzi yomweyo, ina yochokera ku kampani yojambula ina kwa oyang'anira ntchito za wopekayo, anthu n'kumati makina apenga pomwe ayi ndithu.

Kuno kwathu kunali lamulo la zimenezi la mu 1989, ndipo ndi lomwe linabala COSOMA mu 1992, bungwe loyang'anira umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso lomwe achikulirepo amalikumbukira ndi timasitika tija tinkamatidwa pa makaseti. Mu 2016 panabwera lamulo latsopano kulowa m'malo mwa lakale lija. Malawi analowanso m'pangano la Berne mu 1991, pangano lakalekale la 1886 lomwe limati dziko lililonse liziteteza ntchito za anthu a mayiko ena monga mmene limatetezera za anthu ake, komanso kuti umwini umayamba pompo munthu akangopanga ntchitoyo, osadikira kuti akalembetse kaye ku ofesi. Chitetezocho kuno chimakhala moyo wonse wa wopekayo ndi zaka 50 atamwalira, ku America ndi mayiko ambiri a ku Ulaya ndi zaka 70. Nde zoti "woyimbayo anatisiya kalekale" sizikuthandizani, ana ake alipo ndipo ndi amene akuyenera kudya.

Koma chomwe chimakumenyani pa YouTube si COSOMA ayi. YouTube ndi kampani ya ku America, inayamba 2005, Google n'kuigula 2006, ndipo imayendera lamulo la kwawo la 1998 lotchedwa DMCA. Lamuloli mwachidule limati kampani ngati imeneyi siingazengedwe mlandu pa zomwe anthu aikapo, bola ikauzidwa ndi mwini ntchito ichotse msangamsanga. Masiku oyambirira aja pa YouTube pankangodzaza nyimbo ndi mafilimu a eni ake, mpaka mu 2007 kampani ya Viacom inaisumira kufuna madola 1 biliyoni, mlandu womwe unadzatha 2014 atagwirizana kunja kwa khothi. Chaka chomwecho cha 2007 ndi pomwe YouTube inayambitsa makina ozindikira nyimbo ndi mavidiyo a eni ake otchedwa Content ID, ndipo tikanena chilungamo anawapangira makampani akuluakulu kuti asiye kuwasumira, sanawapangire ife a makamera.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Mwini nyimbo amapereka chojambula chake ku YouTube, makina amachisanthula n'kusunga chizindikiro chake, nde vidiyo iliyonse yomwe munthu akuika pa dziko lonse lapansi imayerekezedwa ndi zizindikiro zimenezo isanafike n'komwe kwa oonera. Zikafanana, claim yagwa. Makinawa ali ngati mlonda amene wapatsidwa chithunzi n'kuuzidwa kuti aliyense wofanana ndi uyu umugwire, kalata sawerenga, zoti mwini wake anakulolezani pa foni dzulo iye sizikumukhudza, wangoona nkhope basi. Palibe munthu amene wakhala pansi kuonera vidiyo yanu. YouTube yomweyo inanena mu lipoti lake loyamba kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ya 2021 kunali ma claim a Content ID oposa 700 miliyoni, pafupifupi onse ochita kugwa okha ndi makina.

Mwini nyimbo amakhala atasankhiratu chomwe chichitike nyimbo yake ikapezeka. Akhoza kunena kuti vidiyoyo itsekedwe, akhoza kunena kuti ikhale koma ndalama ya ma advert izibwera kwa iye, kapena angofuna kumaona chabe kuti ikuoneredwa bwanji. Ambiri, oposa 90 pa 100 alionse, amasankha ndalama. Ndipo chisankhocho chimatha kusiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake mumapeza vidiyo ya ukwati ikuoneka bwinobwino kuno ku Mpondabwino koma azakhali a mkwatibwi ali ku Leeds akuimba foni kuti kwawo ikukana kutsegula, inu n'kumaganiza kuti ndi netiweki.

Apa pali chinthu chomwe ndikanakonda aliyense atachimvetsa asanayambe kunjenjemera. Claim ndi strike ndi zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Claim simlandu, siiononga mbiri ya tchanelo chanu, mukhoza kukhala nazo zambirimbiri tchanelo chili chilili. Strike imabwera pomwe mwini ntchito walemba yekha pempho la lamulo loti vidiyo ichotsedwe, nde vidiyo imachokadi ndipo inu mumalembedwa. Strike imafufutika pakatha masiku 90 bola mwamaliza kasukulu kawo kaja ka copyright, kamene ndi kavidiyo ndi mafunso ochepa chabe. Koma zikakwana zitatu nthawi imodzi tchanelo chimatsekedwa, mavidiyo onse kupita, ndipo simuloledwa kutsegula china. Kufufuta vidiyo yomwe yalandira kale strike sikuchotsa strike. Anthu amafufuta mavidiyo a ma views zikwizikwi chifukwa cha claim wamba yomwe ikanangokhala osawapweteka, pomwe ena akuseweretsa strike yeniyeni ngati zocheza.

Tsopano za ndalama. Pa mavidiyo aatali YouTube imatenga 45 peresenti ya ndalama ya ma advert, mwini tchanelo 55. Kuti mulowe m'gulu logawana nawo ndalamayi, lomwe amalitcha YouTube Partner Program, pamafunika ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12 yapitayo, kapena ma views 10 miliyoni a Shorts, timavidiyo tatifupi tija, m'masiku 90. Tiyerekeze kuti vidiyo yabweretsa madola 100. Popanda claim, 55 ndi yanu. Claim ikagwa, nthawi zambiri gawo lanulo limapita lonse kwa mwini nyimbo, olo nyimboyo inangomveka mphindi imodzi mu vidiyo ya ola lathunthu yomwe inu munathera mafuta, batire ndi usiku wonse mukudula. Ineyo ndimaona kuti pamenepa pali kukondera koonekeratu, thukuta la wojambula silikuwerengedwa n'komwe, koma ndi mmene anakonzera.

Ndiye pali nkhani ina yowawa kwa ife. Partner Program ija siili m'dziko lililonse. Pa mndandanda wawo muli South Africa, Kenya, Nigeria, Ghana, Tanzania, Uganda, Zimbabwe ndi ena, koma Malawi wakhala akusowapo. Komanso kuyambira 2021 malamulo a YouTube amailola kuika ma advert pa vidiyo iliyonse olo mwini wake sali m'gulu lija, osamupatsa kanthu. Nde mnyamata wa ku Ndola kuno ku Zomba akaona advert pa vidiyo yake asathamangire kunena kuti wina wamubera ndalama, nthawi zambiri ndalamayo sikanafika m'thumba mwake ngakhale popanda claim. Ena amazemba polembetsa tchanelo m'dzina la achimwene ali ku Joni, chifukwa AdSense, njira ya Google yolipirira eni matchanelo, imafuna adiresi yoti itumizeko PIN pa positi, ndipo imalipira ndalama ikakwana madola 100. Zimayenda kwa ena, koma dziwani kuti lamulo lawo limafuna kuti mwini tchanelo azikhaladi m'dziko lomwe walembalo, komanso ndalamayo ikulowa mu akaunti ya achimwenewo, tsiku lomwe mudzayambane pa nkhani ya munda wa kumudzi mudzaona. Chinanso, mtengo wa advert umatengera komwe woonera ali, munthu mmodzi woonera ali ku London amabweretsa zambiri kuposa gulu la oonera a ku Songani, poti otsatsa malonda kumeneko amalipira zokwera.

Kugawana kwenikweni, koti mwini nyimbo adye inunso mudye, kulipo koma m'makona ochepa. Mukayimba nokha nyimbo ya wina ndipo muli mu Partner Program, oyang'anira ntchito za wopekayo akavomera, YouTube imagawa ndalama pakati pa inu ndi iwo. Mu 2022 analengezanso chinthu chotchedwa Creator Music, momwe munthu amatha kugula chilolezo cha nyimbo kapena kugawana ndalama, nyimbo imodzi 55 ija imadulidwa pakati n'kutsala 27.5, nyimbo ziwiri imagawidwa patatu, ndipo pamakhalanso kena kochotsera pamwamba. Koma chimenechi anayambira nacho anthu a ku America, nde mukachiona mu mavidiyo a aphunzitsi a pa intaneti aja musataye bandulo kuchisaka.

Shorts ndiye ili ndi masamu akeake, ndipo anthu amawamva mopotoka. Kuyambira February 2023 ndalama yonse ya ma advert odutsa pakati pa ma Shorts imaunjikidwa pamodzi mwezi ndi mwezi. Short yopanda nyimbo, ndalama ya ma views ake yonse imalowa mu thumba la opanga mavidiyo. Yokhala ndi nyimbo imodzi, theka limalowa mu thumba lija theka limapita kolipira eni nyimbo. Ya nyimbo ziwiri, gawo limodzi mwa atatu ndi lomwe limalowa mu thumba. Kenako thumbalo limagawidwa kwa opanga mavidiyo potengera ma views a aliyense, ndipo munthu amatenga 45 peresenti ya zomwe zamugwera, kaya anaika nyimbo kaya sanaike. Kutanthauza kuti kuika nyimbo sikukuchepetserani inu panokha, kukuchepetsa thumba la anthu onse. Koma nyimboyo muitenge mkati mwa app momwemo, ndipo samalani ndi utali: chiyambireni October 2024 Short imatha kufika mphindi zitatu, koma ikapitirira mphindi imodzi n'kugwidwa ndi claim imatsekedwa dziko lonse.

Amene ali pa mavuto enieni ndi anyamata a maukwati. Pa perekani-perekani DJ amasinthasintha nyimbo kosalekeza, ya kuno, ya ku Zambia, amapiano, ya ku Nigeria, gulu lililonse loitanidwa ndi MC likufuna yakeyake, ndipo kamera ikutola zonsezo. Inu simunaike nyimbo iliyonse, munangojambula zomwe zimachitika mu holo, koma makina alibe nazo ntchito, ma claim amangogwa motsatizana ndipo imodzi yokha ikakhala ya mtundu wotseka vidiyo yonse yafa. Olo mwini holo kapena DJ atakhala ndi laisensi ya COSOMA, imeneyo ndi yoimbira nyimbo pagulu, siifika pa kuika nyimbo mu vidiyo n'kuiponya pa intaneti. Mukamaulutsa live nde zimavuta kwambiri chifukwa makina amamvera nthawi yomweyo, amachenjeza, mukapitiriza amadula, achibale akunja n'kutsala akuyang'ana chithunzi choima. Nzeru yomwe ilipo ndi yoika vidiyo ngati unlisted kaye, yoti aione okhawo ali ndi linki, n'kudikira kuti Checks, kufufuza komwe YouTube imachita vidiyo ikangoikidwa, imalize, muone kuti ndi nyimbo ziti zagwidwa ndipo zikungofuna ndalama kapena zikutseka. YouTube Studio ili ndi zida zodulira kachigawo kogwidwako, kuzimitsa nyimbo yokhayo kapena kuikapo ina ya mu Audio Library yawo yaulere. Ndipo eni ukwati auzeni zimenezi musanalandire dipoziti, kuti vidiyo yathunthu adzailandira pa fulashi, ya pa intaneti ikhala yodulidwa, apo ayi adzati mwawabera.

Tiyeni titembenukire kwa oyimba, chifukwa kumeneko nde kukutayika ndalama yeniyeni. Woyimba wa pa Zomba sangalembetse yekha ku Content ID, YouTube imapereka mwayi umenewo kwa makampani okhala ndi nyimbo zambiri. Njira yake ndi kudzera kwa ma distributor monga DistroKid, TuneCore, CD Baby kapena Ditto, omwe amaika nyimbo pa Spotify ndi kwina n'kuilembetsanso ku Content ID, iwo n'kudulapo gawo lawo. Chosangalatsa n'choti njira imeneyi siidikira kuti Malawi alowe pa mndandanda uja, nyimbo yanu ikamveka mu vidiyo ya munthu wina ndalama ya advert ikhoza kukupezani kudzera kwa distributor. Chomvetsa chisoni n'choti makinawa amakhulupirira amene wayamba kufika. Ndipo kuno timadziwana mmene timachitira: nyimbo ikangotuluka mu situdiyo yafika kale pa WhatsApp, kwa anyamata oika nyimbo mu memori khadi mu msika, pa mawebusaiti otsitsira nyimbo, mwini wake akusangalala kuti yafala. Munthu wina aliyense wokhala ndi khadi ya ku banki yolipirira pa intaneti akhoza kuitenga n'kuipereka kwa distributor ngati yake. Tsiku lomwe mwini wake adzaike vidiyo yake pa tchanelo chake, claim n'kugwa, pa nyimbo yake yomwe, kuchokera ku dzina lomwe sanalimvepo.

Musaganize kuti zimenezi ndi za osauka okha. Ku America anthu awiri a kampani yotchedwa MediaMuv anazengedwa mlandu mu 2021 atadya madola oposa 20 miliyoni ponama kuti ndi eni nyimbo zoposa 50,000, zambiri za oyimba m'Chisipanishi, ndipo anachita zimenezi kwa zaka zingapo eni ake osadziwa. Ngati zinatheka kumeneko komwe oyimba ali ndi maloya, kuli bwanji kwaya ya ku Thondwe.

Palinso nkhani ya biti. Mapulodyusa ambiri amagulitsa biti imodzi kwa anthu angapo, kapena woyimba amatsitsa biti ya pa intaneti yolembedwa kuti free n'kuyimbapo. Lamulo la Content ID limafuna kuti wolembetsa akhale mwini yekhayekha wa zonse zomwe zikumveka mu chojambulacho, nde biti yobwereka kapena yogawana siiyenera kulembetsedwa n'komwe. Koma wina amangodina kuti inde ndi yanga, basi kuchokera tsiku limenelo aliyense woyimba pa biti imeneyo akugwidwa, ndi pulodyusa yemwe. Pena amene walembetsa ndi pulodyusa mwiniwakeyo kapena manijala, osati mwa nkhanza, anangoona kuti akuthandiza, koma ndalama ikupita ku akaunti yake ndipo woyimba sakudziwa kuti kuli ndalama.

Makwaya nawo ali ndi chisokonezo chawo. Nyimbo zambiri za m'mabuku a mapemphero anazipeka anthu omwe anamwalira zaka zoposa 100 zapitazo, nde kayimbidwe kake aliyense ndi womasuka kukagwiritsa ntchito. Koma kwaya ikajambula, chojambula chimenecho ndi chake, ndipo kwaya ina ikayimba nyimbo yomweyo mofanana makina amatha kusokoneza ziwirizi n'kupereka claim yolakwika. Pamenepo nde poyenera kutsutsa. Nyimbo za makolo monga za manganje kapena tchopa, lamulo lathu limati umwini wake uli m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse, nde woyimba akaijambula mwamakono ndi mwini wa chojambula chake ndi zomwe waonjezerapo, osati nyimbo ya agogo ija. Komanso mawu oti "ndi nyimbo ya kwathu konkuno" asakupusitseni. Chimbale cha akaidi ndi asilikali a ku ndende yathu ya Zomba chija chinafika pa mpikisano wa Grammy mu 2016 chinajambulidwa mkati mwa mpanda uja, koma chinatulutsidwa ndi kampani ya ku America, kusonyeza kuti komwe nyimbo inabadwira ndi komwe pepala lake lili zikhoza kutalikirana kwambiri.

Nanga mukaona kuti claim ndi yolakwika? Mumadina dispute n'kulemba chifukwa. Chomwe ambiri sadziwa n'choti amene amaweruza si YouTube, ndi yemwe uja wakupangani claim, ali ndi masiku 30 oti ayankhe, akakhala chete claim imachoka yokha. Akakana mukhoza kupanga apilo, apa amakhala ndi masiku 7, ndipo akafuna kulimbikira njira yomwe yamutsalira ndi kupempha kuti vidiyo ichotsedwe, yomwe ndi strike ija. Mukhozanso kupitiriza ndi counter notification, pempho la lamulo loti vidiyo yochotsedwayo ibwezeretsedwe, koma pamenepo mumapereka dzina lanu lonse, adiresi ndi nambala ya foni zomwe zimakafika kwa mnzanuyo, komanso mumavomera kuti nkhaniyo ikhoza kukazengedwa ku khothi la ku America, iye n'kupatsidwa masiku 10 ogwira ntchito kuti aonetse kuti wakasumadi, akalephera vidiyo imabwerera. Kwa amene tchanelo chawo chimalandira ndalama, nthawi ndi yofunika: mukatsutsa pasanathe masiku 5 ndalama imasungidwa kuyambira tsiku lomwe claim inagwa, mukachedwa imasungidwa kuyambira tsiku lotsutsalo, ya m'mbuyo yapita. Mu lipoti lija la 2021 ma claim omwe anatsutsidwa sanafike olo 1 pa 100, koma mwa otsutsidwawo pafupifupi 60 pa 100 anathera mokomera woika vidiyo. Ine ndimawerenga manambala amenewa kuti anthu ambiri olakwiridwa amangokhala chete chifukwa cha mantha. Koma musatsutse ngati nyimboyo ndi ya eni ake ndipo mulibe chilolezo, mukungoitana strike pa chinthu chomwe chikanangodutsa.

Zikhulupiriro zina zija tiyeni tizisiye. Kulemba pansi pa vidiyo kuti nyimboyi si yanga, ulemu upite kwa mwini wake, sikusintha kalikonse, kwenikweni mwangovomera nokha. Kugula nyimbo sikukupatsani ufulu woiika mu vidiyo. Zoti masekondi 30 kapena 10 ndi ololedwa palibe lamulo lotero paliponse. Mayi wina wa ku America, Stephanie Lenz, anaika mu 2007 kavidiyo ka masekondi 29 ka mwana wake akuvina nyimbo ikumveka chapatali kukhitchini, kampani ya nyimbo ya Universal inakachotsetsa, ndipo nkhaniyo inakhala m'makhothi zaka zoposa khumi. Iye anali ndi maloya omuthandiza mwaulere. Fair use yomwe anthu amaitchula ija ndi mfundo ya lamulo la ku America yomwe woweruza amaiyeza mlandu ndi mlandu, imathandiza amene akuunika, kuphunzitsa kapena kuseka ntchitoyo, osati amene wangofuna kuti vidiyo yake ya ku Chingwe's Hole ikome. Kuthamangitsa nyimbo kapena kuikweza mawu kuti makina asaizindikire pena zimadutsa lero n'kudzagwidwa chaka chamawa, chifukwa makinawo amabwereranso ku mavidiyo akale.

Facebook ndi TikTok tingodutsapo mwachangu. Facebook ili ndi makina ake otchedwa Rights Manager kuyambira 2016, ndipo chizolowezi chake ndi kuzimitsa mawu pamalo pomwe pali nyimbo. Mu 2022 Meta, eni ake a Facebook, inalengeza kuti wopanga vidiyo ya masekondi 60 kupita m'tsogolo yokhala ndi nyimbo ya m'nkhokwe yawo azilandira 20 peresenti ya ndalama ya advert, yotsalayo n'kugawana iwo ndi eni nyimbo, komabe zimenezi ndi za okhawo omwe tsamba lawo linaloledwa kale kulandira ndalama. TikTok imadalira mapangano ake ndi makampani a nyimbo, ndipo pangano likatha mavidiyo anu amavutika nawo: February 2024 atasemphana ndi Universal, mavidiyo ambirimbiri anangozima mawu mpaka anagwirizananso mu May. Komanso nyimbo za mu app zija ndi za munthu wamba wongosangalala, mukamatsatsa saluni yanu kapena malo ogona alendo pamafunika za mu nkhokwe ina ya amalonda. Ndipo chilolezo cha TikTok chimathera pa TikTok pomwepo, vidiyo yomweyo mukaitsitsa n'kukaiika pa YouTube mwayambiranso.

Zonsezi zikungobwerera pa pepala, chinthu chomwe ife timachiona ngati kusakhulupirirana. Woyimba ndi pulodyusa asanatuluke mu situdiyo alembe kuti wopeka ndi ndani, chojambulacho ndi cha ndani, biti yagulitsidwa kwa munthu mmodzi kapena ingagulitsidwenso, aliyense atenga maperesenti angati, ndipo amene akapereke nyimbo kwa distributor ndi ndani, pa imelo ya ndani. Nyimbo ipite kwa distributor isanapite pa WhatsApp, ndipo mafayilo a mu situdiyo asungidwe chifukwa tsiku la mkangano umboni wake ndi umenewo. Kulembetsa ku COSOMA kukhalepo pakokha, chifukwa ndalama ya ku mawayilesi ngati Chanco Community Radio kapena YONECO FM ndi malo achisangalalo imadzera kumeneko, distributor saitolera. Wojambula vidiyo akafuna nyimbo ya woyimba wa konkuno, "ingoikani amwene" wa pa foni sakwanira, pemphani uthenga wolembedwa wotchula nyimboyo ndi tchanelo chanu, kenako mufunseni ngati nyimboyo ili ku Content ID. Ngati ili kumeneko, iyeyo ndi amene auze distributor wake kuti achotse claim pa linki ya vidiyo yanu kapena aike tchanelo chanu pa mndandanda wa ololedwa, ndipo ndi bwino zimenezi zichitike vidiyo ikadali unlisted, chifukwa ma views ambiri amabwera masiku oyambirira ndipo ma distributor ena amatenga masiku angapo kuti ayankhe.